Makatani a Chipinda Chakumapeto

Kusukulu yogonera komweko kumene ankayang'anira atsikana, mayi wina ankadziwika ndi kulira kwa makiyi. Anali nawo mpukutu wathunthu, makiyi opitirira makumi anayi, ndipo ana asukulu akangomva kuti ngwerengwere m'khonde ankabisa chilichonse chimene chinali m'manja. Kwawo abale ake ankamutcha Akapitawo. Anali woyamba kubadwa m'banja la ana asanu, makolo anapita kale, ndipo panalibe amene ankamuuza kuti ayi n'kupeza mtendere. Sanali woipa mtima. Mwana wa m'bale wake akadwala, iye ndi amene ankayamba kufika kuchipatala. Chilema chake chinali chimodzi: chitseko chotseka chimene iye analibe kiyi wake chinkamuyabwa ngati chitedze.

Sukulu zitatsekera m'nyengo yotentha, iye ndi amene anaganiza zoti banja lonse likapumule limodzi kwa sabata yathunthu. Anapeza nyumba ya lendi m'katauni kena kakutali, kopanda phokoso. Mlongo wake wamng'ono, amene ankayendetsa minibasi ndipo aliyense ankangomutcha Dalaivala, ndiye anawanyamula: akuluakulu asanu ndi awiri, ana khumi ndi mmodzi, matilesi, mapoto, mpira ndi zidebe. Ana anaimba njira yonse mpaka mawu kusasa.

Mwininyumba anawalandira pageti. Anali bambo wokalamba, wamtali, wowerama pang'ono, amene kale anali telala. Iye ndi mkazi wake ankakhala m'kanyumba kakang'ono kuseri kwa mpanda wa maluwa, ndipo nyumba yaikuluyo ankaibwereketsa kwa alendo nthawi ya tchuthi. Anawaonetsa khitchini, bafa, pabalaza ndi zipinda zitatu zogona. Kumapeto kwa khonde lalitali la m'katimo kunali chitseko chachinayi, chopaka penti yobiriwira. Apo anaima.

"Ichi chokha muchisiye, mayi," anatero. "Musachitsegule. Makamaka makatani ake, asakhudzidwe."

"Tilipo khumi ndi asanu ndi atatu, bambo," anayankha Akapitawo.

"Ndakuonani. Pabalaza ndi papakulu."

Bamboyo anamuyang'ana ngati munthu amene akudikira funso. Funso silinabwere. Akapitawo anali atatembenuka kale, akugawa mabedi.

M'mawa woyamba, ana akutsuka mano panja, anaona mayi wokalamba ataima pampata wa mpanda uja. Tsitsi lake linali loyera ngati thonje, diresi lake losita bwino. M'dzanja limodzi anali ndi chipeso, m'dzanja lina kachikwama kakang'ono ka mabuku. Sanawayang'ane anawo. Maso ake anali pawindo la chipinda chakumapeto, pamene makatani ofiirira anali otseka. Anaima pomwepo nthawi yaitali osaphethira, mpaka mwamuna wake anabwera, n'kumunong'oneza kanthu kukhutu. Mayiyo anagwedeza mutu, anamwetulira, n'kubwerera naye akuyenda monyang'ama.

Tsiku lachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi, nthawi yomweyo. Mkazi wa Dalaivala ankayanika zovala pafupi, ndipo anamva mawu a bamboyo.

"Akadagona. Usamudzutse, lero kulibe sukulu."

Anakawafotokozera anzake kukhitchini. Dalaivala anaseka n'kunena kuti nyumbayi ili ndi alonda ake ake. Akapitawo anati anthu akakalamba amabwerera ku umwana, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Koma kupanikizana kunakula. Ana asanu ndi atatu ankagona pabalaza atathithikana ngati machesi m'bokosi. Wina anapondedwa chala, wina anasanzira bulangete la mnzake, khanda linkalira ndi kutentha. Pofika m'mawa wa tsiku lachitatu akuluakulu anali atayamba kuyankhana mokalipa pa nkhani za ziii. M'bandakucha wa tsikulo mwininyumba anali atakwera basi kupita kuchipatala cha m'tauni ina kukatenga mankhwala a mkazi wake, n'kumusiya ndi mayi wina woyandikana nawo.

Akapitawo anatulutsa mpukutu wake wa makiyi m'chikwama. Ngakhale patchuthi sankausiya.

"Alamu, bambo aja anati tisatsegule," anatero mkazi wa Dalaivala, khanda lili kumsana.

"Akuopa kuti tiwabera. Ife ndife akuba? Ana akugona ngati nkhuku m'khola chipinda chili apa chikungokhala."

"Bwanji tidikire abwere, tiwapemphe?"

"Kupempha munthu amene wakana kale ndi kutaya malovu."

Anayesa kiyi woyamba, wachiwiri, wachitatu. Atadutsa makumi awiri, wina anazungulira mosavuta, ngati loko anali atathiridwa mafuta dzulo lake.

M'chipindamo munali mozizira, ngakhale nyumba yonse inali ng'anjo. Munalibe fumbi ngakhale pang'ono. Munkanunkhira sopo ndi polishi. Kukhoma kunali kabedi kakang'ono koyala bwino, ndipo pansi pake panali nsapato ziwiri zakuda za mwana, zopukuta mpaka kuwala. Patebulo panali kope lotsegula. Winawake anali atayamba kulemba chilembo cha a mobwerezabwereza, mzere umodzi ndi theka, n'kulekera panjira. Pepalalo linali lachikasu ndi ukalamba. Pambali pake panali kapu ya madzi, ndipo madziwo anali oyera, a tsiku lomwelo. Kuseri kwa kabati kunali kachitseko kena kotulukira panja, kotseka ndi kachitsulo kokoka kunja kwake.

Dalaivala anaima pakhomo osalowa.

"Achemwali, muno mumalowa munthu tsiku ndi tsiku," anatero chapansipansi.

"Ndiye bwino. Sitivutika n'kusesa."

Akapitawo anagwira makatani aja n'kuwakoka. Timphete take tinalira pachitsulo, kulira kwakuthwa ngati kwa mbalame yogwidwa pamsampha, ndipo kunamveka mpaka panja. Anatsegulanso windo. Kenako analamula kuti atsikana atatu aang'ono kwambiri azigona mmenemo.

Mmodzi mwa atatuwo anali mwana wa Dalaivala, wazaka zisanu, amene ankamutcha Njiwa chifukwa cha kufatsa. M'mawa umenewo anali atanyowa thupi lonse posewera ndi paipi ya madzi, ndipo zovala zake zina zinali pachingwe. Akapitawo anatsegula kabati. Munali timadiresi tambiri, tosokedwa pamanja mwaluso, tosita, tonse ta msinkhu umodzi. Anasankha kabuluu ka kolala yoyera n'kumuveka mwanayo. Kanamukwana ngati telala anachita kumuyeza.

"Zimenezi tizichapa tikamapita," anatero. "Palibe adzadziwe."

Atatembenuka, anaona nkhope pawindo. Mayi wokalamba uja anali atadutsa mpata wa mpanda, chinthu chimene sanachitepo masiku awiri aja, ndipo anaima kunja, chibwano chake chili pafupi ndi felemu. Sankamwetulira.

"Mwadzuka bwanji, agogo?" anatero Akapitawo.

Mayiyo sanamuone n'komwe. Ankayang'ana Njiwa, ndipo Njiwa ankayang'ana iye.

"Wadzuka tsopano," anatero mayiyo ndi mawu ofewa. "Wagonatu nthawi yaitali, mwanawe. Vala nsapato. Lero ndikuperekeza ndekha."

Akapitawo anaseka pang'ono. Kukhitchini kunali kukumveka fungo la chinthu chopserera, ndipo wina ankamuitana. Anasisita Njiwa pamutu n'kutuluka.

M'nyumba ya ana khumi ndi mmodzi, phokoso silichepa mmodzi akachoka. Mayi ake a Njiwa ankasambitsa khanda, poganiza kuti mwanayo ali ndi azakhali ake. Akapitawo ankaganiza kuti ali panja ndi anzake. Anzakewo ankathamangitsa mpira. Dzuwa linakwera mpaka paliwombo. Pa chakudya chamasana mbale za ana zinaikidwa khumi ndi imodzi, ndipo imodzi inakhala osakhudzidwa.

Anamuitana Njiwa m'zipinda zonse. Anasuzumira m'bafa, m'minibasi, m'thanki ya madzi. Atalowa m'chipinda chakumapeto anapeza kachitseko kakunja kali pululu. Nsapato zakuda zija panalibe. Pamalo pake panali masilipasi a Njiwa, ataikidwa moyandikana bwinobwino, mmene mwana wazaka zisanu saikira. Kukanyumba kakuseri anapeza mayi woyandikana uja akusinza pampando, yekha.

Anamwazikana m'misewu. Katauniko kanali zii ndi kutentha. Masitolo anali otseka, makonde opanda munthu, galu mmodzi yekha atagona pansi pa galimoto yakufa. Mawu awo oitana ankagunda makoma n'kubwerera. Mkazi wa Dalaivala sankalira. Ankangoyenda mofulumira, kutsegula mageti a eni ake osaodira.

Atabwerera kunyumba manja ali m'khosi, anapeza mwininyumba ataima pakati pa bwalo, kapepala ka mankhwala kali m'manja, akuyang'ana windo lotsegula lija. Sanakalipe. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana nkhope zawo mmodzimmodzi.

"Mwanayo ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu," anayankha Dalaivala.

"Wavala chiyani?"

Onse anayang'ana Akapitawo, ndipo iye anayang'ana pansi.

"Lizani galimoto," anatero bamboyo. "Ndikudziwa kumene apita. Pempherani kuti akhale atawoloka msewu."

M'minibasimo munakwera anthu anayi okha: bamboyo, Dalaivala, mkazi wake ndi Akapitawo. Bamboyo ankalankhula akuyang'ana kutsogolo, n'kumaloza njira ndi chala.

"Tinali ndi mwana mmodzi. Sabata yake yachiwiri kusukulu, mayi ake anali ndi zochapa zambiri, ndiye anamuuza kuti atsagane ndi ana a anthu ena. Sukulu ili tsidya lina la msewu waukulu. Papita zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Khotani apa."

Msewu waukuluwo unali wa magalimoto akuluakulu onyamula katundu, odutsa motsatizana, mphepo yake yokha yokwana kugwetsa munthu. Dalaivala anaima kudikira mpata. Pamenepo mkazi wake anagwira mkono wake mwamphamvu. Pakati pa phula, pamzere woyera, panali nsapato imodzi yakuda ya mwana. Galimoto ina inadutsa n'kuigubuduza, ina n'kuibweza.

Dalaivala anatsika. Anayang'ana phula, anayang'ana m'ngalande mbali zonse ziwiri. Panalibe magazi, panalibe galasi losweka, panalibe anthu osonkhana. Anatola nsapatoyo n'kubwerera, ndipo anawoloka.

Sukuluyo inatsekedwa kalekale. Malata anachotsedwa, mawindo anali mabowo chabe, udzu unamera mpaka m'makalasi. Kunalibe ngakhale kulira kwa mbalame. Anayenda m'mbali mwa khoma mpaka kalasi yomaliza. Kunja kwa khomo lake kunali mayi wokalamba uja, ataima chilili padzuwa, manja atawapinda kutsogolo ngati kholo lodikira ana kuweruka. M'katimo, pa benchi imodzi yokha yotsala, panakhala Njiwa. Msana unali chilili, manja ali pamaondo, phazi limodzi lopanda nsapato. Tsitsi lake linali litapesedwa n'kugawidwa pakati, kapesedwe kamene palibe aliyense wa iwo anakaonapo pa mwana wa masiku ano. Ankayang'ana khoma pamene kale panali bolodi.

"Njiwa," anaitana bambo ake.

Mwanayo sanatembenuke.

"Njiwa, mwana wanga, ndi ine."

Ngakhale chikope sichinagwedezeke. Dalaivala anafuna kulowa, koma mayi wokalambayo anatambasula manja n'kugwira mafelemu a khomo mbali zonse ziwiri. Zala zake zowonda zinakanirira pamtengo ngati mizu.

"Musasokoneze, akuphunzira," anatero. "Belu silinalire."

"Musamukankhe," ananong'ona mwamuna wake. "Ndidikireni."

Pakati pa bwalo la sukuluyo panali mtengo waukulu, ndipo panthambi yake pankalendewerabe chitsulo cha gudumu la galimoto, chadzimbiri, chimene kale chinali belu. Bamboyo anapita pamenepo akukoka miyendo. Anatola mwala. Anaima kanthawi mutu uli pansi, kenako anamenya katatu. Kulira kwake kunayenda m'makalasi opanda madenga aja n'kuchedwa kutha.

Njiwa anaimirira. Anachoka pabenchi, n'kuyenda kulunjika kukhomo motsimphina chifukwa cha nsapato imodzi. Mayi wokalambayo anasiya mafelemu, anagwada, n'kutambasula manja, nkhope yake ikuwala ngati ya mtsikana. Mwanayo anafika pafupi, anamuyang'ana, kenako maso ake anadutsa paphewa la mayiyo n'kuona amene anaima kumbuyo. Nkhope yake inakwinyika. Anazemba manja aja n'kuthamanga.

"Amayi, nsapatoyi ikundipweteka."

Mayi wokalambayo anakhala chigwadire, manja ali m'mwamba. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuona mwana uja atakwiriridwa pachifuwa cha mkazi wina. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana denga lopanda malata, udzu wa m'kalasi, ndi manja ake omwe, ngati akuwaona koyamba atachita makwinya. Mwamuna wake anali atafika pambali pake.

"Bambo," anatero mayiyo, ndipo mawu ake anali osiyana, omveka bwino, a munthu amene ali ndi nzeru zake zonse. "Uyu si wathu."

"Si wathu."

"Wathu tinamuika, eti? Kunagwa mvula tsiku limene lija."

"Inagwa."

Mayiyo anakhala pansi pafumbi. Sanalire, sanafuule. Chipeso chinagwa m'dzanja lake ndipo sanachitole. Anachita kumunyamula anthu awiri kupita naye kugalimoto, ndipo Dalaivala ananena pambuyo pake kuti anali wopepuka ngati mtolo wa udzu wouma.

Madzulo ake Akapitawo anachapa kadiresi kabuluu kaja n'kukasita. Anapukuta nsapato zonse ziwiri, ngakhale imodzi inali itaphwanyika kutsogolo. Anayesa kuyala kabedi mmene anakapezera, koma sanakumbukire kuti pilo anali mbali iti. Ana anali atalembalemba m'kope lija ndi makirayoni. Ali m'kati mokoka makatani, mwininyumba analowa pa kachitseko kakunja.

"Asiyeni, mayi. Alibenso ntchito."

"Bambo, ndalakwa. Sindimadziwa."

"Simumadziwa, inde." Bamboyo anakhala pamphepete pa kabedi. "Mkazi wanga analira zaka makumi atatu. Sindinamuonepo akuseka. Ndiye mutu wake unayamba kuiwala. Unaiwala mayina a abale, unaiwala njira ya kumsika, kenako tsiku lina unaiwalanso maliro aja. Anadzuka m'mawa n'kundifunsa ngati mwana wadzuka. Ine ndinati akadagona. Anaseka, mayi. Anati mwana ameneyu ndi waulesi ngati bambo ake. Zaka zisanu ndi chimodzi takhala choncho. Madokotala amati ndi matenda. Kwa ine zinali zaka zabwino kuposa zonse."

Akapitawo anasiya makatani aja.

"Ndinakupatsani nyumba yonse," anatero bamboyo. "Ndinasunga chitseko chimodzi."

Ananyamuka m'mawa mwake, kutatsala masiku anayi kuti tchuthi chithe. Pomanga matilesi, ana ankasuzumira kumpata wa mpanda, koma sikunabwere munthu. M'njira simunamveke nyimbo. Mkazi wa Dalaivala anakhala kumbuyo atafungatira Njiwa, ndipo sanalankhule ndi mlamu wake ulendo wonsewo, ngakhalenso miyezi ingapo yotsatira.

Atayenda maola awiri, Dalaivala anayang'ana pagalasi n'kufunsa mwana wake mofatsa.

"Dzulo ndimakuitana m'kalasi muja. Bwanji sumayankha?"

Njiwa anaganiza kaye.

"Ndimamva munthu akuitana Njiwa," anatero. "Koma sindimadziwa kuti ndi ndani Njiwayo. Agogo aja anandipatsa dzina lina."

Palibe amene anafunsa kuti dzinalo linali loti chiyani. Mwanayo anagona, ndipo atadzuka anapempha madzi n'kuyamba kukangana ndi msuweni wake za malo apawindo, ngati kuti palibe chinachitika. Patapita sabata anali ataiwala zonse, kupatula kuti sankalolanso munthu kumupesa tsitsi ndi chipeso.

Sukulu zitatsegulidwa, Dalaivala anaimbira foni mwininyumba uja kuti amve za odwala. Bamboyo anayankha mwaulemu. Anati mkazi wake sanadzukenso pabedi chibwerere kusukulu kuja. Anakana chakudya, anakhala masabata asanu akuyang'ana khoma, nzeru zili zonse, osaiwala kanthu ngakhale kamodzi, kenako anamwalira, ndipo anamuika pambali pa mwana wake. Nyumba anati sadzabwereketsanso.

Dalaivala anapita yekha kukawauza achemwali ake kuntchito. Anawapeza m'khonde la chipinda chogona atsikana. Akapitawo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anakhala pa sitepe, pamene ana asukulu ankadutsa n'kumadabwa kuona mayi woopedwa uja atagwira kumaso.

"Ndinkangofuna ana agone bwino," anatero.

"Ndikudziwa, achemwali."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imawawa. Akapitawo sanabe kanthu, sanafune kupweteka munthu. Anangoona chipinda chopanda ntchito, osadziwa kuti chimene mlendo amachiona ngati chopanda ntchito nthawi zina ndi chimene chagwira moyo wa eni khomo. Mlendo amaona makoma ndi mabedi. Chifukwa chimene chitseko china chinatsekedwera amachidziwa ndi mwini wake yekha, ndipo sakakamizidwa kuchifotokoza. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene ananena kuti nyumba ya mwini saotcheramo mbewa.